Chipanda Chimene Ndinatsuka ndi Sopo

Karonga Boma,
Mwezi wa Okutobala.

Okondedwa achemwali anga a Angella,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, inu ndi alamu ndi ana onse kumeneko ku Ntcheu. Nanga amayi, mwendo uja wasiya kutupa? Musawalole kupita kudimba usanaphwe. Ndimawadziwa, mukangotembenuka atenga khasu. Ife kuno tadzuka, Mulungu akutisunga. Ipyana akukula ndipo wayamba kulankhula, koma chinenero chake n'chosakaniza, moti nthawi zina ndimachita kufunsa oyandikana nawo kuti mwana wanga yemwe akuti chiyani.

Kalatayi ndapatsira a Morton, aja amayendetsa lole ya mpunga, akuti adutsa pa Ntcheu popita ku Blantyre. Mudabwa kuti bwanji osangoimba foni. Foniyo ndi imene yandipalamulira. Tsiku lija ndinakuimbirani ndikulira, mawu sanatuluke bwino, inu munangomvapo zoti ndikuzunzika, ndiye pano ndamva kuti amalume a Yotamu akukonzeka kubwera kudzanditenga. N'chifukwa chake ndati ndilembe, ndifotokoze kuyambira pachiyambi, ndipo muwawerengere amayi mofatsa. Komanso nyumba zathu zino n'zogundizana, ukayetsemula oyandikana nawo amamva, ndiye za m'banja sizilankhulika pafoni.

Kuno kukutentha koopsa. Inu mukamadandaula za dzuwa la ku Ntcheu mumangosewera. Kuno ukasamba, usanamalize kuvala thukuta layambanso, ndipo ndiwo zophika m'mawa pofika masana zasasa. Mwina n'chifukwa chake anthu a kuno anangogwirizana nazo zinthu zosasa n'kuziyesa chakudya.

Nkhani yonse inayamba ndi chipanda. Titangofika kuno, alamu anu a Ambokile atawasamutsira kwawo pa ntchito, apongozi anga anabwera kuchokera kumudzi, mbali ya ku Kaporo, kudzationa. Anatenga mkoko waukulu wa nthochi zosapsa ndi chipanda chakuda bii, chonyezimira, chokhala ndi kachingwe kachikopa pakhosi. Anandipatsa ndi manja awiri, ine ndinalandira nditagwada. Analankhula zambiri, theka m'Chichewa theka m'Chinkhonde, ine n'kumangoti eya, eya, osamvetsa kwenikweni. Bambo a Ipyana anali atapita kukatenga katundu wotsala, ndiye panalibe wondimasulira.

Atachoka ndinatsegula chipanda chija. Achemwali, fungo limene linatuluka mmenemo linandimenya m'mphuno mpaka misozi. M'kati munali mkaka wowola, wogwirana mibulumibulu, pamwamba pali timadzi tachikasu. Ndinaganiza kuti mayi wokalambayu wayenda nawo padzuwa mpaka wawonongeka, ndipo ndinawamvera chisoni. Kwathu mkaka ukatero timapatsa galu. Ndinakaukhuthula kuseri kwa bafa, n'kutenga sopo, mchenga ndi waya wotsukira mapoto. Ndinachikwecha chipanda chija m'kati ndi kunja, n'kuthiramo madzi owira, n'kuchiyanika padenga mpaka chinayera mbuu. Nthochi zija ndinazikulunga m'thumba kuti zipse, monga timachitira kwathu. Tsiku limenelo ndinadziona kuti ndine mkazi waukhondo.

Apongozi atabweranso ndinawabwezera chipanda chawo monyadira. Anachitembenuza uku ndi uku, n'kulowetsamo mphuno. Kenako maso awo anagwa pa thumba lija, nthochi zili chikasu, zina zitayamba kuchucha. Analankhula mawu ochepa kwa mwana wawo m'Chinkhonde, anakulunga chipandacho m'chitenje ngati khanda, n'kutuluka. Ngakhale madzi akumwa anakana.

Amene anandifotokozera ndi alamu anga a Emma, mlongo wawo wa bambo a Ipyana, amene ndi namwino kuno. Akuti mkaka umenewo sunali wowonongeka ayi, ndiye chambiko chimenecho, ndiwo yaulemu kuno. Chipandacho chinali cha malemu apongozi aamuna, ndipo chinayamba kusasitsa mkaka bambo a Ipyana asanabadwe. Zakuda zimene ndinakwechazo ndi utsi ndi mafuta a mkaka a zaka zonsezo, ndipo ndi zimene zimakometsa chambiko. Sopo salowamo. Malemu ananena asanamwalire kuti chipandacho chidzakhale m'nyumba ya mkazi wa mwana wawo wamwamuna, ndiye apongozi pondipatsa anali kundilandira. Nthochi zijanso sizinali zodikira kupsa, ndi zophika zikadali zaziwisi.

Inde, safunsa anadya phula, ndikudziwa, amayi asavutike n'kundikumbutsa. Koma ndikufunseni inu: ndani akanasunga chinthu chonunkha chotero m'nyumba mmene muli mwana? Ngakhale inuyo mukanatsuka, mwinanso kuposa ine.

Kuyambira pamenepo apongozi sanapondenso pakhomo pano. Tikapita kumudzi chakudya chophika ine sachikhudza, ndipo Chichewa chimene ankandilankhulira anachiiwala tsiku lomwelo. Bambo a Ipyana nawo anayamba kubwera kunyumba atakhuta kale, milomo ili psuu ndi mafuta ofiira a kuno. Ndikawaikira chakudya amangotsina pang'ono n'kusamba m'manja. Ndikawafunsa amati zitha, tingopirira. Mwamuna amene ku Ntcheu ankapempha chigwada chotendera kawiri, lero akuchiyang'ana ngati mankhwala a kuchipatala. Anandinyansa, sindibisa.

Kenako kunabwera Fainess. Ndi mtsikana wa ku Wovwe, wachibale chapatali cha apongozi, akuti wabwera kudzawathandiza ntchito. Koma azimayi a pa mjigo sabisa mawu. Anandiuza kuti ndisagone tulo, mtsikanayo amadziwa kuphika zakuno zonse, ndipo kuno mwamuna kutenga mkazi wachiwiri si nkhani yodabwitsa. Anawonjezera kuti chipanda chija chikufuna nyumba. Tsiku limenelo ndi limene ndinakuimbirani ndikulira.

Pali chinthu chimene amalume ayenera kumva asanakwere basi. Kuno si kwathu, kumene banja likatha mwamuna amanyamula bulangete lake n'kusiya ana kwa mayi awo. Ng'ombe zija a kwawo kwa bambo a Ipyana anapereka pondikwatira, amalume n'kumaseka kuti mwana wathu wakwatiwa kwa olemera, zinali ndi tanthauzo. Kuno mwana ndi wa kwa bambo. A Emma anandiuza mosapita m'mbali kuti ndikachoka ndichoka ndi chikwama changa chokha, Ipyana atsala. Amalume akabwera kudzanditenga, adzabwerera ndi mkazi wopanda mwana, ndipo mwanayo adzakula akuitana Fainess kuti amayi. Ine zimenezo ayi, bola ndimwe chambikocho mpaka ndife.

Ndiye ndinakumbukira zimene anankungwi ankatiuza, zoti mwamuna ndi pamimba. Kale ndinkaseka mawu amenewa, koma pano ndinalibe poseka. Ndinapempha a Emma kuti andiphunzitse kuphika zakuno. Anati iwo nthawi alibe, ndipite kumsika waukulu, maso andiphunzitsa. Ndinamubereka Ipyana, n'kuyamba kupita kumsika m'mawa uliwonse ngati wolembedwa ntchito.

Msika wa kuno, achemwali, umaufika ndi mphuno maso asanauone. Ukalowa mbali ya nsomba, usipa wauwisi uli m'mabeseni, ntchentche zili ndiii pamwamba, madzi ake akuyenda pansi n'kumalowa m'patapata mpaka pakati pa zala. Pambali pali milamba yowamba, yakuda, yopindika, ndevu zili penapake. Mayi wogulitsayo amaingitsa ntchentche ndi kansalu komwe akupukutira thukuta. Tsiku loyamba ndinatuluka chothamanga n'kukaima kuseri kwa golosale mpaka nseru itatsika.

Ukapitirira pang'ono umafika pa chinangwa choviika. Kuno chinangwa amachisiya m'madzi mpaka chiwole, n'kuchiyanika, n'kusinja ufa wa kondowole. Fungo lake limakutsatira mpaka kunyumba, limalowa m'chitenje ndi m'tsitsi. Ndinagula ufawo n'kukayesa kuphika. Umamatirira ku mthiko, ku poto, ku zala, ndipo ukameza umatsika pakhosi mochita kukana. Poto wake ndinamuviika tsiku lonse.

Pali mzere wina wa mabotolo a mafuta ofiira aja, amawatcha mawese, ochokera ku zipatso za migwalangwa ya kuno. Ali phalaphala, ofiira ngati dothi la katondo, ndipo akadonthera pa malaya iwalani. Cha pomwepo azimayi amaphika mbalaga, ndiye nthochi zaziwisi zija zophikira pamodzi ndi nyama kapena matumbo a ng'ombe. Ndinaima pamenepo masiku angapo kuonerera mmene amasendera, mmene amaikira anyezi ndi matimati, ndi nthawi imene amathira mafuta. Ndinagula mbale n'kulawa. Sindinadziwe kuti ndikudya chiyani: si mbatata, si chinangwa, si nthochi, n'chinthu chongodzaza m'kamwa. Ipyana anamaliza mbale yonse n'kunyambita zala.

Ndinakayesa mbalaga kunyumba. Utomoni wa nthochi unandidetsa manja ndi mpeni, zikhadabo zili bii ngati makanika. Nthochizo zinatuluka kunja zofewa, m'kati zolimba, msuzi uli wotuwa. Bambo a Ipyana anadya pang'ono, anati ndayesetsa, n'kumwa madzi ambiri. Mawu akuti wayesetsa amapweteka kuposa kungokuuza kuti sizikukoma.

Chabwino chimodzi mumsikamo ndi mpunga. Pa mzere wa kilombero pamanunkhira, ukadutsapo umachedwa dala. Koma ndikafunsa kuti ndi wa kuti, wina amati wa ku Hara, wina amati wa ku Wovwe, ndipo ndikangomva Wovwe ndimaona nkhope ya Fainess, fungo lokomalo n'kutha pomwepo.

Mzere wa chambiko ndinkauzemba, koma tsiku lina ndinalimba mtima. Chili m'zidebe zikuluzikulu, amatunga ndi kapu n'kuthira m'mabotolo. Pali mayi wina wamkulu thupi, dzina lake a Lughano, wapakamwa ngati wailesi. Atangondiona nditatsina mphuno anafuula kuti uyu ndi uja anatsuka chipanda. Achemwali, msika wonse ukudziwa! Anatunga kapu n'kundipatsa kuti ndilawe. Ndinati ndikakana ndiye ndadzimaliza ndekha. Ndinatseka maso n'kumwa. Mibulu ija itangofika pa lilime ndinalavulira mu ngalande anthu onse akuona.

Ndinapsa mtima n'kunena kuti kwathu zowola sitidya. A Lughano anandifunsa ngati si kwathu kumene anthu amakumba mbewa, n'kuziwiritsa ndi ubweya womwe, n'kuzipana pa kamtengo mano ali pamtunda, n'kumadya mpaka mchira. Anachita kutsanzira mmene mbewa imaumira, manja atapinda pachifuwa. Mzere wonse unagwa n'kuseka, mayi wina mpaka analavula ndi nseru yeniyeni. Mbewa zathu, achemwali, kapuku wonona uja timalimbirana kumudzi! Sindinadziwe kuti pali anthu amene amanyansidwa nafe mmene ine ndikunyansidwira nawo. Komabe musandinamize, mbewa ndi chambiko sizifanana.

Ndinapitabe mawa lake, chifukwa kukhala kunyumba kunali kuganiza za Fainess. A Lughano anazolowera kundipatsa kapu tsiku lililonse kuti anzawo aseke. Ine ndinkalandira, n'kumwa pang'ono, n'kuthamangira ku ngalande. Ndinasanduka sewero la pamsika, ena mpaka ankasiya malonda awo kudzaonerera.

Tsiku lina ndikupukuta pakamwa ndinaona mayi wina wa ku Tanzania amene amakazinga mandasi kumapeto kwa mzerewo. Ankakanda ufa, ndipo m'malo mwa madzi anathiramo chambiko. Ndinamufunsa ndi manja, poti Chiswahili sindimva. Ananyema ndasi limodzi n'kundipatsa. Ndinalinunkhiza kaye ngati galu wokayika. Panalibe fungo lija ngakhale pang'ono, ndipo linali lofewa kuposa mandasi onse amene ndinadyapo. Moto unali utapha kununkha konse. Pafupi pomwepo panali mulu wa nthochi zophika zimene zinapsa zisanagulidwe, ogulitsa atazikankhira kumbali kuti mbuzi zidye.

Pamenepo ndinawakumbukira amayi. Mukukumbukira akamaphika chigumu, mmene ankathiramo thobwa logona kuti soda agwire ntchito? Ndinati chosasa ndi chosasa. Ndinatola nthochi zija, ogulitsa akundiyang'ana ngati wamisala, n'kugula botolo la chambiko kwa a Lughano. Anandifunsa ngati ndikukatsukira mbale.

Kunyumba ndinakanya nthochi, n'kusakaniza ndi mgaiwa, soda, mchere ndi shuga pang'ono. Pothira chambiko ndinamanga mpango pamphuno. Ndinayala masamba a nthochi m'poto, makala pansi, makala pa chivundikiro. Choyamba ndinachulutsa soda, chinatuluka chowawa, ndinataya. Chachiwiri chinafufuma mpaka kukankha chivundikiro, chofiirira pamwamba, chofewa m'kati, chonunkhira mpaka oyandikana nawo anasuzumira pa mpanda. Ndikuuzeni zoona, ndipo amayi asakhumudwe: chinaposa chigumu cha kwathu. Zinandipweteka kuvomereza kuti chokometsa chake ndi chinthu chomwe chimandisanzitsa.

Masiku omwewo kumudzi kunali mwambo womanga chiliza pamanda a malemu apongozi aamuna. Abale anabwera ambiri, azimayi anagawana ntchito. Fainess anamupatsa mapoto a mbalaga ndi mpunga. Ine, mkazi wa mwana wamwamuna wa pakhomopo, anandiuza kudzera mwa a Emma kuti nditunge madzi ndi kutsuka mbale, poti kutsuka ndiye ntchito imene ndimaidziwa. Azimayi anaseka chamumtima, ena anabisa nkhope m'zitenje. Ndinangotenga ndowa.

Koma ndinali nditabwera ndi zigumu zanga m'dengu. Nthawi ya tiyi ndinazidula n'kuziika pa lichero pafupi ndi amisiri omanga, osanena kanthu, n'kubwerera ku mbale zanga. Pasanapite nthawi lichero linali lopanda kanthu, anthu akufunsana kuti wabweretsa ndani. A Emma anatenga chidutswa chimene anabisa n'kukawapatsa apongozi, amene anakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinkaonera patali, manja ali m'madzi a sopo.

Anachinunkhiza, anachitembenuza, ananyema kachidutswa n'kulawa. Kenako anaitanitsa mbale ya chambiko. Achemwali, chigumu changa chokongola chija anachinyenyera m'mbalemo, n'kuvundula ndi zala mpaka chinasanduka phala la mibulu, n'kuyamba kudya, zina zikutsikira m'chigongono. Ndinayang'ana kumbali kuti ndisabweze. Koma anamaliza mbale yonse. Kanali koyamba kuti adye chinthu chochokera m'manja mwanga chitsukireni chipanda chija.

Anandiitanitsa. Ndinagwada chapatali, a Emma akumasulira. Anafunsa kuti ndaikamo chiyani, ndinawauza. Anafunsa kuti chambikocho ndinachitenga kuti, ndinati kumsika kwa a Lughano. Anatsonya, n'kunena kuti chambiko cha m'chidebe cha pulasitiki ndi madzi chabe. Kenako anati anamva kale za mkazi wa ku Ntcheu amene amapita kumsika tsiku ndi tsiku kukamwa chambiko n'kukasanza mu ngalande, mawa lake n'kubweranso. A Lughano amapemphera mpingo umodzi ndi mng'ono wawo wa apongozi, ndiye nkhani inafika kalekale. Ndinadikira kuti anene zina, koma anangondiuza kuti mbale zikundidikira. Ndinabwerera kunyumba osadziwa ngati ndakonza kapena ndawonjeza manyazi.

Loweruka lapitali m'mawa ndikusesa pabwalo ndinaona njinga ya kabaza ikuima pa geti. Amene anatsika anali apongozi, atanyamula kanthu m'chitenje. Analowa m'nyumba osadikira kuti ndiwalonjere, n'kukhala pamkeka. Atamasula chitenjecho munali chipanda chija, chikadali choyera mmene ndinachisiyira. Ndipo analankhula Chichewa, achemwali, chija anaiwala chija chinabwerera chonse. Anati amene anapha chipanda ndi amene achidzutse.

Anandionetsa okha. Anabwera ndi kamtengo kena kouma, anakayatsa, n'kufukiza utsi wake m'kati mwa chipanda. Anati m'bale wawo wina amene amabweretsa mkaka kuno kutauni azindisiyira wa ng'ombe zawo m'mawa uliwonse. Ndizithira m'chipanda, ukagwirana ndizikhuthula, ndizithiranso wina, osatsuka, ndipo sopo asayandikire ngakhale pa alumali pamene chakhala. Tsiku lililonse ndizilawa ndekha, osati kulawitsa mwana wawo kapena Ipyana, mpaka lilime langa lidzamve kuti chafanana ndi chija ndinataya kuseri kwa bafa. Akuti zitenga miyezi, mwina chaka.

Ndinawauza mwaulemu kuti chija ndinatayacho sindinachilawe n'komwe, ndiye ndidzadziwa bwanji. Ndinaona ngati akufuna kuseka koma anadzigwira. Anati ndiye azibwera okha Loweruka lililonse kudzalawa, ndipo pobwerapo azipeza chigumu chili chotentha. Ponyamuka anapempha madzi akumwa. Ndinawapatsa, ndinati ndaga, ndiye zikomo ya kuno, ndipo anayankha.

Sindikunamizani kuti zonse zatha. Fainess akadali kumudzi, ndipo apongozi sanatchule dzina lake ngakhale kamodzi. Koma a Emma anandinong'oneza kuti mtsikanayo anapempha kuti chipandacho achidzutse ndi iye, poti amadziwa kachitidwe kake, ndipo apongozi anamuyankha kuti malemu anatchula nyumba imodzi yokha. Bambo a Ipyana atabwera madzulo n'kuchiona pa alumali anakhala pansi n'kudya chigwada changa mpaka kupukuta mbale. Sindinawakhululukire msanga, ndinawasiya ayambe achita manyazi.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Pitani kwa amalume a Yotamu inuyo ndi miyendo yanu, musatume mwana, mukawauze kuti asabwere. Ndikudziwa akufuna kundichitira zabwino, ndipo ndikudziwanso pakamwa pawo. Akafika kuno n'kuyamba kufunsa kuti mwana wathu mukumuzunziranji, chipandachi chibwerera ku Kaporo tsiku lomwelo, ine n'kukwera basi wopanda mwana kumsana. Auzeni kuti walira mvula walira matope, ndipo matope angawa ndiwaponda ndekha. Ndikadzawafuna ndidzanena.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti thobwa lawo logona lija landipulumutsira banja. Moni kwa alamu, kwa azakhali a kutsidya, kwa achimwene ndi akazi awo, ndi kwa ana onse. Amalume muwapatse moni mutatha kuwauza uthengawo, osati musanawauze. A Morton pobwerera musawapatsire mbewa, ngakhale ndikuzilakalaka, chifukwa zikangodziwika kumsika ndiye ndasamuka.

Lero m'mawa ndalawanso. Ndinatseka maso, ndinameza, ndinagwira khoma mpaka nseru itadutsa, Ipyana akundiseka n'kumatambasula manja kuti ndimugawire. Sindikukhulupirira kuti ndidzachikonda chinthu chimenechi, ngakhale nditakalambira kuno. Pamene ndikulemba pano chipandacho chili pa alumali kumbuyo kwanga, ndatsegula mawindo onse koma sizikuthandiza. Chikununkha, achemwali, chikununkha koopsa. Koma chikununkhira m'nyumba mwanga, ndipo mwana wanga akugona m'chipinda chinacho.

Tsalani ndi Mulungu.

Ndine mng'ono wanu,
Bessie, amake Ipyana.